Anandiphera Nkhuku Pakhomo Panga

Maganizo ochoka anandibwerera tsiku limene mwana wina m'kalasi mwanga anandifunsa kuti India ili kuti, ine n'kuloza ku phiri la Mulanje. Nkhondo inali itangotha kumene. Asilikali ankabwerako ndi nkhani za ku Bama ndi ku Siloni, ana n'kumazitola m'midzi, kubwera nazo kusukulu kudzandiyesa nazo. Ine Yotamu, mphunzitsi wawo wolekeza Sitandade 4, ndinkangoloza kum'mawa molimba mtima, poti mphunzitsi sanena kuti sindidziwa. Sukulu yake inali ya mpingo wathu wa Babatisti, yofolera ndi udzu, chakufupi ndi Namitambo. Malipiro ankabwera akhristu akakolola bwino. Akapanda kukolola tinkalandira madalitso.

Kwathu kobadwira ndi kwa Mpama, koma nthawi imeneyo ndinali mkamwini kwa Kadewere, kwawo kwa mkazi wanga Esinati. Malo anandilozera ndi amalume ake, a Kachingwe. Zidina ndinaumba ndekha, nyumba ndinamanga ndekha, ndipo pabwalo ndinadzala mtengo wa mango umene ndinkauthirira ngati mwana. Mwana weniweni, Linesi, anali atangosiya kuyamwa. Mawu oti mkamwini ndi mlamba sachedwa kuterereka ndinkawamva ndithu, koma ndinkati amanena anzanga aulesi.

Amene anandikopa ndi Che Amini, mwana wa amalonda achisilamu a pa Namitambo, mnzanga wa paubwana. Iyeyu ankaphika pa koleji ina ya anthu akuda kumwera kwenikweni kwa Joni, ndipo chaka chimenecho anabwera kutchuthi atavala jekete yoti ngakhale abusa athu analibe. "Yotamu," anatero, "kumene kuja nzeru zimangotayika pansi ngati madeya. Wosesa yemwe amatuluka ali wophunzira. Iwe ukhalira kuloza phiri mpaka liti?"

Ndinamuuza Esinati akupeta nandolo pakhonde. Sanakweze maso.

"Mukakhala zaka zingati?"

"Ziwiri basi. Ndikabwere ndi pepala la uphunzitsi ndi malata a nyumba ino."

"Amuna awo a achemwali anatinso ziwiri."

"Ine sindine mtchona, amake Linesi."

"Palibe amachoka ali mtchona, bambo a Linesi. Utchona umakapezeka komweko."

Ndinaseka, ndipo mwezi usanathe ndinali nditanyamuka.

Ndinapita ulendo wa selufu, wopanda kalata ya boma, wopanda wondilemba ntchito. Sitima kuchokera ku Limbe mpaka ku Halale, kenako malole, kenako miyendo, kuwoloka Limpopo mozemba apolisi ndi ng'ona zomwe. Za m'njira sindinena zambiri. Aliyense wa msinkhu wanga m'Chiradzulu muno ali ndi zake, ndipo akamazifotokoza ng'ona zake zimakula chaka ndi chaka. Chofunika n'choti ndinafika, ndipo Che Amini anandipezera ntchito yosesa ndi kuyala mabenchi m'zipinda zophunzirira.

Panali mzungu wina wokalamba, amene anakhalako zaka zambiri ku India ndi ku China, ndipo ankaphunzitsa za makhalidwe a anthu a ku Asia. Ife antchito tinkamutcha Kansungwi chifukwa cha kansungwi kamene ankalozera zithunzi. Ataona kuti Chingerezi ndikumva, anandipatsa ntchito yoyendetsa makina oonetsera zithunzi pakhoma. Zithunzizo zinali pa timagalasi. Masana tinkatseka makatani, ine n'kukhala kumbuyo pafupi ndi nyali yotentha ngati ng'anjo, ndipo iye akagogoda pansi ndi kansungwi kake ndinkasintha galasi. Go! Minda ya mpunga yokwera phiri ngati makwerero. Go! Ng'ombe yagona pakati pa msika, anthu akuilambalala mwaulemu. Go! Mwana wamwamuna akuyatsa nkhuni zotenthera mtembo wa bambo ake m'mbali mwa mtsinje. Ophunzira ena ankasinza mumdimamo, ana a anthu olipira fizi. Ine wosalipira sindinkaphethira n'komwe.

Sindinama, ndinkakondwa. India ndinaipeza pamapu, ndipo ndinadziwomba pachifuwa poona kuti kuloza kwanga kuja sikunaphonye kwambiri. Ndinadziwa chifukwa chake amwenye a m'masitolo a ku Limbe ena sadya ng'ombe pamene ena amaidya, chinthu chimene ndinkangoti ndi matama. Ndinamva za anthu a ku China amene amasunga mayina a makolo awo pa timatabwa m'nyumba, n'kumawagwadira. Mutu wanga unkadzaza, ndipo mutu ukamadzaza umaiwalitsa kuti dzuwa likupita.

Loweruka lililonse m'mawa, ophunzira akuluakulu amene anali atatenga kale digiri ankasonkhana kuti aphunzire kaphunzitsidwe. Mmodzi ankaima kutsogolo kuyeserera kuphunzitsa, akamaliza anzake n'kumamudzudzula mopanda chisoni. Pankafunika mwana wasukulu woyesererapo, ndiye Kansungwi ankandikhazika ine pabenchi yakutsogolo, bambo wandevu zanga, kuti ndizifunsa mafunso a mwana wosamva msanga. Ntchito imeneyo ndinkaitha bwino, poti mafunsowo anali angadi. Lamulo lake lalikulu linali limodzi, ndipo ankalibwereza mpaka kutopetsa: yamba ndi chimene mwana akudziwa, umugwire dzanja, upite naye ku chimene sakudziwa. Ine ndikamva choncho ndinkaona Linesi. Ndinkati ndikadzabwerera ndidzamukhazika pansi pa mango aja, ndidzayamba ndi khwawa la kumunsi kwa nyumba yathu, n'kutsata naye madzi ake mpaka ku Thuchila, ku Ruo, ku Shire, ku Zambezi, mpaka kunyanja yamchere, mpaka tidzakocheze ku India. Phunziro limenelo ndinalikonza ndi kulikonzanso ndikusesa.

Koma Lamlungu linkapweteka. Kutchalitchi ankaimba nyimbo zomwezo za kwathu, mawu okha achilendo, ine n'kumangong'ung'udza ngati njuchi. Ankatitcha Anyasa, ndipo palibe amene ankakufunsa kuti kunyumba kuli bwanji. Kuzizira kwa mwezi wa Juni kunkalowa m'mafupa kuposa chiperoni. Ndalama ndinkatumiza papositi ndikalandira, nthawi zina zochepa, nthawi zina mwezi n'kudumpha. Che Amini, amene anali ndi chiphaso chakale chomulola kupita ndi kubwera, ndiye anali mthenga wathu. Ulendo wina ndinamupatsira bulangete lofiira la mizere yakuda, la Linesi, ndipo anabwerako ndi mawu oti lafika, mwana wakondwa, mango achita maluwa koyamba. Mawu amenewo ndinamufunsa kuti awabwereze mpaka anandithamangitsa kukhitchini kwake ndi chipande. Ine chiphaso ndinalibe. Ndikanatuluka, khomo likanatsekeka kumbuyo kwanga, ndiye zaka ziwiri zija zinabala zinzake.

Kenako kunagwa njala ija imene aliyense kuno amaikumbuka. Ife tinaimva mochedwa. Ndinatumiza zonse zimene ndinali nazo, ndipo uthenga umene unabwera kuchokera kwa Esinati unali waufupi: "Mukawauze kuti ndalama talandira, koma sizitafunika." Chimanga m'misika munalibe. Pankafunika mwamuna wa miyendo, woti ayende mpaka kwa Apwitikizi kukasuma makaka n'kuwasenza pamutu. Ine miyendo yanga inali pansi pa tebulo la makina a zithunzi. Ndinalira masana dzuwa likuswa mtengo, kuseri kwa mulu wa nkhuni za kukhitchini, koma misozi nayonso palibe amakhuta nayo.

Chaka chotsatira Kansungwi anaphunzitsa phunziro limene ndimalimvabe m'makutu. Go! Ine n'kuika galasi. Pakhoma panaoneka nyumba yaikulu pakati pa mitengo ya kokonati, amayi ambiri pakhonde, bambo mmodzi wachikulire pampando. Anati kumeneku ndi kugombe la kumwera chakumadzulo kwa India, ndipo bambo ali pampandoyo si mwamuna wa mmodzi mwa amayiwo, ndi mlongo wawo. Ana ndi a kuchikazi. Wolamula ndi malume. Mwamuna wokwatira amangobwera ngati mlendo, ndipo mkazi akatopa naye amamuikira mphasa yake panja, ukwati wathera pomwepo.

Anthu anafa nalo phwete. Anyamata a kumeneko, ana a anthu olowola ndi ng'ombe, anachita kugwira nthiti. Wina anakuwa kuti, "Ndiye mwamunayo ndi chiyani, tambala wobwereka?" Kansungwi anadikira kuti phokoso lithe, kenako kansungwi kaja kanachoka pakhoma n'kuloza ine.

"Yotamu, kodi kwanu ku Nyasalande si momwemonso?"

Mitu yonse inacheukira kumbuyo. Nyali ija inkandiwotcha tsaya.

"Iyayi bwana," ndinatero. "Zimenezo n'zakale. Ife ndife akhristu."

Petro anakana katatu, ine kamodzi kanandikwanira. Koma sikuti ndinkanama mwadala ayi. Mumtima ndinkati, mlendo amaumba zidina? Mlendo amadzala mango? Awo a ku India mwina, poti amafika chimanjamanja. Ine ndili ndi nyumba. Loweruka lake mnyamata wa tambala uja anasankha phunziro lomwelo kuti ayeserere. Anajambula nyumba pabolodi, anandiloza pabenchi panga paja n'kufunsa kuti, "Mwana iwe, m'nyumba imeneyi mlendo ndani?" Ndinayankha mokweza ngati mwana womvera kuti, "Bambo." Anzake anamuombera m'manja kuti waphunzitsa zomveka.

Patapita zaka zina Che Amini anabwerako kutchuthi nkhope ili yakugwa. Sanayambe ndi za mvula ngati kale.

"Ankhoswe akumana, Yotamu. A Kachingwe anapita kwa amalume ako a Supuni. Akuti mwana wawo sangakalambe akudikira positi. Ukapanda kufika asanakolole, a Supuni amusudzula m'malo mwako."

"Amusudzula bwanji? Ine ndafa?"

"Wamoyo amaoneka, mnzanga."

Ndinapsa mtima. Ndinati akungondiopseza, a Supuni sangachite zimenezo, munthu woti ndinamutumizira chipewa. Komanso Kansungwi anali atandilembetsa mayeso a uphunzitsi, ndipo anali pafupi. Kubwerera wopanda pepala patatha zaka zonsezo, anthu akanati ndinkatani? Ndinatumiza mawu oti adikire pang'ono. Mayesowo ndinagwa Masamu, ndinabwereza chaka chinacho, ndinakhoza. Kumudzi kunali zii, ine n'kumati kukhala chete ndiye kuti amva. Kenako Kansungwi anapuma ntchito n'kubwerera kwawo, wolowa m'malo mwake anabwera ndi makina amagetsi oyendetsa yekha, yanga ntchito n'kuthera pomwepo. Potsazikana Kansungwi anandipatsa mapu aakulu a Asia, okulunga bwino. Ndinati awa ndi a Linesi.

Lole inanditsitsa pa Namitambo m'mwezi wa Disembala, chimanga chikulekeza m'mawondo. Sindinapite kwa Mpama kukaona abale anga. Munthu amayambira kwawo, ndiye ndinalunjika kwa Kadewere, sutikesi paphewa, mapu m'khwapa. Mango aja ndinawaonera patali. Anali atakula kupitirira denga, zipatso zili lendelende. Nyumba inali yofolera bwino, khonde lozira bwino, ndi kachipinda kena koonjezera kumbali. Ndinati onani mkazi wosamala.

Anandilandira ndi a Kachingwe, atakalamba, akuyendera ndodo. Anaitanitsa mphasa n'kuiyalitsa pansi pa mango. Ine ndinkayang'ana khomo la nyumba, koma palibe anati lowani. Malonje anali aatali ndi aulemu: za m'njira, za ku Joni, za mvula. Mtsikana wamtali wochepa thupi anabwera ndi madzi akumwa m'chikho, anagwada, anandipatsa ndi manja awiri maso ali pansi. Mphumi yake inali ya mayi anga. Ndinafuna kumugwira, koma anali atabwerera kale m'mbuyo.

Kenako ndinamva ana akuthamangitsa nkhuku kuseri. Poyamba ndinasangalala, ndinakumbuka mwana wolowerera uja amene anamuphera mwana wa ng'ombe. Koma nkhukuyo italira m'manja mwa munthu, china chake chinandilasa mumtima. Zaka zonse zimene ndinakhala pakhomo paja, wothamangitsa nkhuku ndinali ine. Akabwera abusa, akabwera a Supuni, Esinati ankandinong'oneza kuti kwabwera alendo, ine n'kutenga mpeni. Mwini khomo samuphera nkhuku, amadya zimene zilipo, kaya ndi nkhwani kaya ndi nandolo. Ndinatembenuka. Amene anagwira mpeni anali a Likhutcha, bambo wa kutsidya la khwawa, amene mkazi wawo anamwalira ine ndisanachoke. Anawerama pang'ono kundilonjera, n'kupitiriza ntchito yawo ngati munthu amene ali pakhomo pake.

Esinati anatulukira kuchokera kumunda, khasu paphewa, khanda kumsana. Anaima. Anatula khasu n'kugwada chapatali, pamene mkazi amagwada polonjera mlendo.

"Mwafika, bambo a Linesi."

"Ndafika. Ndabwera nalo pepala lija."

"Zikomo. Mulungu ngwabwino."

A Kachingwe anatsokomola pang'ono n'kulongosola zonse mwatsatanetsatane, monga amachitira mwini mbumba. Anadikira kukolola kuja, anaonjezanso mpaka mvula yoyamba. Kenako a Supuni anabwera, anapereka kandalama ka tiki kosudzulira, anatenga nkhwangwa yanga ndi mpando wanga kupita nazo kwa Mpama. Zonse zinayenda mwamwambo, ndipo akulu a mpingo sanatsutse.

"Ndalama ndinkatumiza," ndinatero.

"Munkatumiza ndithu," anatero Esinati. "Sindingakunamizireni. Koma chaka cha njala amene anatisenzera makaka kuchokera kwa Apwitikizi ndi a Likhutchawa. Linesi anatupa miyendo, bambo a Linesi. Denga litagwa anafolera ndi awa, osapempha kanthu. Ine ndinadikira mpaka anthu anasiya kundifunsa za inu."

Mkwiyo unandikwera kumutu. Ndinamenya thunthu la mtengo uja ndi chikhatho. "Mtengo uno ndinadzala ndine!"

"Inde, ndinu," anatero a Kachingwe mofatsa, "ndipo ukubala bwino. Linesi, uwathyolere alendowa mango apite nawo."

Chakudya anandiikira ndekha pamphasa monga mwa ulemu wa alendo, nthutumba ili pamwamba penipeni kuti ndione kuti nkhuku yonse ndi yanga. Ndinadya. Anthu amadabwa ndikanena zimenezi, koma kukana kukanakhala kunyoza, ndipo ndinayang'ana bwalo lonse osapeza wondilakwira woti ndimunyoze. Nkhuku yowawa ngati imeneyo sindinadyepo. Ndikutafuna ndinkaona chithunzi chija pakhoma, amayi pakhonde, malume pampando, ndi ine kumbuyo kwa nyali ndikuti n'zakale. Ndinawoloka mitsinje ya ng'ona kukamva za anthu a kutsidya la nyanja, pamene galasi limene ndinkaika m'makina tsiku lija linali la pakhomo panga pomwe.

Lero ndimaphunzitsa kwa Mpama. Ndimakhala pafupi ndi mlongo wanga, ndipo ana ake amanditcha malume, amandiopa ndithu. Mpando wanga uja ndinaupeza, ndimakhalira womwewo. Mapu ali pakhoma la kalasi, ndipo mwana akafunsa za India ndimaloza pamalo pake penipeni. Esinati sindimusungira chakukhosi. A Supuni ndinakhala nthawi osawalankhula, kenako ndinatopa nazo ndekha. Zonsezo zinapola. Chimene sichipola ndi cha panjira paja.

Mlendo amaperekezedwa, ndiye dzuwa litapendeka anatuma Linesi kuti andiperekeze mpaka pakhwawa. Anasenza sutikesi yanga pamutu n'kuigwirira ndi dzanja limodzi, linalo litanyamula mango omanga m'kansalu, iye patsogolo ine pambuyo. Ndinakumbuka lamulo la Loweruka lija. Yamba ndi chimene mwana akudziwa.

"Linesi, ukundidziwa ine?"

"Eya."

"Ndine ndani?"

"Ndinu a bulangete aja. Lofiira lija." Anayenda pang'ono. "Amayi amati ndinu amene munandibereka."

"Nanga bulangetelo lilipo?"

"Lilipo. Amafunda mwana."

Ndinafuna kumugwira dzanja kuti ndipite naye ku chimene sakudziwa, koma manja ake onse anali ndi katundu wanga. Mapu anali m'khwapa mwanga. Khwawa lija linali pomwepo, madzi ake akutsetserekera ku Thuchila monga ndinakonzera phunziro langa zaka zonse zija. Mapuwo sindinawatambasule.

M'mphepete mwa madzi anatula sutikesi, anandipatsa mango, anapinda mawondo ndi ulemu wonse umene mayi ake anamuphunzitsa.

"Ine ndibwerere pano, abambo akudikira ndikatsekere mbuzi. Muyende bwino. Mukapereke moni kwanu."

Ndinaima pamenepo ndi sutikesi, mapu ndi mango a mtengo wanga, kumuyang'ana akuthamanga kubwerera kwawo. Sanacheuke.